Nkhuni za Maliro a Munthu Wamoyo

Nkhani iyi ndikamaifotokoza anthu amaseka, nane ndimaseka nawo, kenako ndimatuluka panja ngati ndikukayankha foni. Ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Dzina langa ndi Levisoni, koma limeneli linatsala pa chiphaso pokha. Kwathu ku Tsangano ndikangotsika minibasi, a kabaza amagwedezana: "A Nkhuni aja afika!"

Bambo anga, a Ndau, anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo. Chingerezi ankachikonda mopitirira muyeso. Mawu ake ankawasankha ngati mbatatesi pokolola, ofanana pamulu umodzi. Sabata ino othera "-ful", sabata yamawa oyamba ndi "un-". Tili ana, ine ndi achemwali anga a Eneresi tinkayenda nawo m'mawa uliwonse popita kusukulu, ndipo kalasi inkayambira panjira pomwepo. Makutu anga ataliataliwa sindinabadwe nawo ayi, anakulira m'manja mwa bambo.

Ndinakula, ndinapita ku Lilongwe, ndinapeza ntchito ku bungwe lina la zachitukuko. Kumeneko ndiye Chingerezi chili ndi mano. Bwana akangoti "sensitization", mawa lake muli pagalimoto kupita kumidzi. Akati "evaluation", nkhomaliro muiwale. Zaka zonsezi ndinaphunzira chinthu chimodzi: mawu othera "-tion" sayankhidwa ndi pakamwa, amayankhidwa ndi miyendo.

Ndiye chaka china, m'mwezi wa June, amayi anandiimbira foni.

"Levi, bwera. Bambo ako agwa kudimba."

Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, kamwa linapindika. Atagona kuchipatala kwa kanthawi, adokotala ananditengera pambali.

"Achimwene, pitani nawoni kunyumba. Masiku awo si ambiri. Chimene angafune, achitireni."

Mawu amenewa ndinawanyamula ngati katundu pamutu. Achemwali anali ku Joni komwe amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo abwana awo ankakanakana kuwapatsa tchuthi. Mwana amene analipo ndinali ine ndekha. Ndinalumbira mumtima kuti bambo sachoka padziko pano ali ndi chofuna chomwe sindinawachitire.

Vuto linali lakuti sankalankhula. Chichewa chonse chinathawa. Ngakhale dzina la amayi, limene analiitana moyo wawo wonse, linasowa. Amayi ankakhala pambali pa bedi ndi mbale ya phala, "A Ndau, imwani pang'ono," bambo n'kumangoyang'ana denga. Zinkandipweteka koopsa. Munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka, lero zii.

Tsiku lina m'mawa ndikuwakonzera pilo, anandiyang'ana m'maso. Milomo inanjenjemera, inalimbalimba, kenako mawu anatuluka.

"Irri... gation."

Ndinadumpha! Bambo alankhula!

"Noted, bambo! Ndamva!"

Dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, linanyamuka pang'onopang'ono kulunjika kumutu kwanga. Ine ndinalilandira m'malere, ndinaligwedeza mwamphamvu ngati tagwirizana za project, n'kutuluka liwiro.

Panja amayi anandigwira malaya. Iwo Chingerezi sanachione n'komwe.

"Akuti chiyani?"

"Akuti kudimba kwauma. Akudandaula mbatatesi zawo."

"Kalanga ine! Munthu ali chigonere koma mtima uli kumunda."

Ndinatenga makheni awiri. Ine munthu wa mu ofesi, manja ofewa ngati buledi, ndinathirira dimba lonse mzere ndi mzere. Madzulo ndinabwerera msana utathyoka, matuza ali mbwee. Ndinagwada pambali pa bedi kupereka lipoti.

"Bambo, zatheka. Dimba lonse lanyowa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Ndinati atopa.

Patapita masiku, mawu ena anatuluka.

"Vacci... nation."

"Noted!"

Dzanja linanyamuka, ndinaligwedeza, ulendo. Ndinaganiza msanga: katemera wa ndani? Ana pakhomo palibe. Ng'ombe tinagulitsa kalekale. Zatsala nkhuku! Ndinakwera njinga yamoto kukasaka mankhwala a chitopa, odontheza m'diso aja. Tsiku lonse ndinali pa mpikisano ndi nkhuku za amayi, kulowa pansi pa nkhokwe, kutulukira m'khola la mbuzi. Tambala wina anandijompha pachala mpaka magazi. Ndinatemera ngakhale nkhuku ziwiri za aneba zomwe zinangobwera kudzacheza.

Lipoti ndinapereka. Bambo anatseka maso, n'kupuma mpweya wautali.

Kenako kunabwera "ventilation".

Anzanga, amene mukudziwa Tsangano mu June mukudziwa kuti mphepo yake imaluma mpaka m'mafupa. Nkhungu imalowa m'nyumba osaodira. Koma bambo anena, ine ndine ndani? Ndinabwereka hamala ndi tchizulo, ndinayamba kuboola khoma la chipinda chawo, iwo ali momwemo nditawafunditsa bulangete kumutu chifukwa cha fumbi.

Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini.

"Iwe! Wapenga? Ukugwetsa nyumba munthu ali m'kati?"

"Amayi, akufuna mpweya. Anena okha."

"Mpweya m'chisanu chino?"

"Ndi medical, amayi. Simungamvetse."

Mawu amenewo, "simungamvetse", ndimati ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi. Amayi anabwerera kukhitchini. Madzulo ake anatenga thumba la feteleza, analipindapinda, n'kutseka bowo langa lija osandiuza kanthu.

Mawu otsatira anandigwetsa misozi.

"Recon... cili... ation."

Anavutika nawo, anawatulutsa m'zidutswazidutswa, thukuta lili pamphumi. Ndinadziwa pompo chimene akutanthauza. Bambo anali ndi mng'ono wawo, a Zakeyu, amene sankalankhulana naye kuyambira ine ndili ku sekondale. Anakangana za malire a dimba, mizere ingapo chabe, koma mkwiyo wake unakalamba nawo limodzi. Ngakhale kutchalitchi ankakhala mbali zosiyana.

Ndinapita kwa bambo aang'onowo, ndinagwada pakhonde.

"Akulu anu akukuitanani. Akufuna muyanjane asanapite."

"Anena okha?"

"Ndi pakamwa pawo. M'Chingerezi."

A Zakeyu anavula chipewa, n'kulira ngati mwana. Anabwera tsiku lomwelo atanyamula nkhuku. Anagwada pabedi, "Achimwene, mizere ija tengani, ndi yanu. Ine ndinangouma mutu." Bambo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, misozi n'kutsika mbali yamoyo ija ya nkhope. Ine ndinaima pakhomo chifuwa chili patsogolo. Ndinadziona ngati mwana wanzeru kuposa onse m'boma la Ntcheu.

Kuyambira tsiku limenelo a Zakeyu sanachokenso pakhomo pathu. M'mawa tiyi, masana alipo, madzulo alipo. Ndipo analipo m'mawa umene bambo anatulutsa mawu amene anandipatsa dzina.

"Cre... mation."

Ndinasendera pafupi.

"Bambo, mwati chiyani?"

"Cremation."

Momveka bwino, kuposa mawu onse am'mbuyomu. Dzanja linanyamuka. Ndinaligwira, koma ulendo uno kuligwedeza kunandikanika. "Noted" yake inatuluka ngati ya mwana wa mbuzi.

Ndinaitana amayi ndi a Zakeyu kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo akuti akadzamwalira tisadzawaike m'manda. Akuti tidzawawotche."

Amayi anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Kuwotcha? A Ndau? Mkulu wa mpingo, tidzamuwotche ngati uvuni wa njerwa?"

Ndinkayembekeza kuti a Zakeyu anditsutsa. M'malo mwake anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhala akudikira nkhani imeneyi.

"Alamu, musadabwe. Agogo athu ankatiuza kuti kale mafumu aakulu a Angoni sankakwiriridwa, ankawotchedwa. Achimwene angawa ndimawadziwa ine. Kuyambira tili ana akhala akudzimva ufumu."

"Ufumu wa chiyani? Wa choko?" anatero amayi. Kenako mawu awo anasweka. "Ine ndinasiya kwathu ndili mtsikana. Kumanda kuja ndinaonamo kale malo, pambali pa mwana wanga woyamba uja, oti ine ndi iwo tidzagone moyandikana. Ndiye ndidzagona pafupi ndi ndani? Ndi phulusa? Zaka zonsezi ndawaphikira, ndawachapira, lero akuona kuti kugona pafupi ndi ine n'kochepa?"



Kuyambira tsiku limenelo amayi analeka kulowa m'chipinda cha bambo. Phala ankaphika, ankalipungulira m'mbale, n'kundipatsa pakhomo.

"Kawamwetse mfumu yakoyo."

Ankakhala pakhonde, msana atatsamira khoma la chipinda chomwecho, akusenda mbatatesi, misozi ili chuchuchu. M'katimo bambo maso anali pachitseko. Aliyense akalowa ankadzutsa mutu, akaona kuti ndine ankaubweza papilo. Ndinkaziona zonsezi, mtima unkandiwawa, koma ndinkadziuza kuti mwana wabwino amachita zomwe kholo lanena, ngakhale zowawa.

Ndipo chifukwa ndine munthu wa planning, ndinayamba kuganiza za logistics. Kuwotcha munthu kumafuna nkhuni, ndipo nkhuni zaziwisi siziyaka. Kwathu mitengo ndi yosowa, koma kuseri kwa nyumba kunali mabulugama amene bambo anadzala okha kuti adzakonzere denga. Ndinanola nkhwangwa.

Gu! Gu! Gu! Bulugama woyamba pansi. Wachiwiri pansi. A Zakeyu anakhala pachitsa n'kumalangiza.

"Waza zing'onozing'ono, mwana wanga, ziume msanga. Munthu wamkulu ngati uja safuna moto wa masewera."

Mulu unakula mpaka kupitirira denga la khitchini. Anthu odutsa ankaima.

"A Levi, mukufuna kuwotcha njerwa?"

"Eee... ka project kenakake."

Ndipo phokoso lonse la nkhwangwalo bambo ankalimva kudzera pa bowo lija ndinaboola ndekha.

Achemwali anafika Loweruka lina masana, atatopa ndi basi ya ku Joni, zikwama zili mbali zonse. Anaima pabwalo n'kuyang'ana uku ndi uku. Khoma lobooka lotsekedwa ndi thumba. Zitsa pomwe panali mitengo. A Zakeyu, mdani wa banja, akumwa tiyi m'kapu ya bambo. Amayi ali pakhonde, owonda, maso otupa.

"Levi, pakhomo pano pachitika nkhondo?"

"Ndikufotokozerani bwinobwino, achemwali. Pali ma issue."

Sanandidikire. Analowa m'chipinda, ine pambuyo. Anagwada pabedi, anagwira nkhope ya bambo ndi manja awiri, n'kuyamba kulira. Bambo anawayang'ana, milomo inayamba kulimbana kuja.

"Cremation."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndichenjeze achemwali. Koma iwo, akupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje, osaganiza n'komwe, anangoti:

"Kuwotcha mtembo, bambo."

Bambo anatseka maso. Anagwedeza mutu kamodzi. Mapewa awo, amene anali atakwera kwa milungu yonseyi, anatsika.

"Plan... tation."

"Munda waukulu wa mbewu imodzi."

"Donation."

"Chopereka."

"Desti... nation."

"Komwe munthu akupita."

Mbali yamoyo ya kamwa lawo inakwera m'mwamba. Bambo ankamwetulira! Koyamba chigwereni kudimba!

Ine ndinatsamira chitseko. Njira ya kusukulu yonse inabwerera m'mutu mwanga: mame m'mapazi, bambo patsogolo ndi chikwama cha mabuku, ife pambuyo. Iwo ankaponya liwu osacheuka, iwe n'kuyankha tanthauzo lake m'Chichewa. Ukakhoza, liwu lina. Ukalakwa, dzanja linkabwera kudzapota khutu. Basi. Masewera ake anali omwewo.

Kuiwala sindinaiwale. Koma munthu ukaona bambo ako ali gone chonchija, adokotala atakuuza kuti masiku atha, mutu suganiza za masewera. Matenda anawalanda zonse, n'kuwasiyira mulu umodzi wokha wa mawu, othera "-tion" aja. Ndi umenewo ankafuna kucheza nawo ndi mwana wawo. Ankangofuna ndikhale pansi ndiyankhe. Ine liwu lililonse ndinkalithawa nalo panja.

Ndipo dzanja lija ndinkaligwedeza tsiku ndi tsiku silinkapereka moni. Linkasaka khutu.

Achemwali anacheuka.

"Levi, watani? Ndipo nkhuni zonse zili panjazi n'zachiyani?"

Ndinafotokoza. Ndinayambira kudimba, ndinadutsa pa nkhuku, pakhoma, mpaka pa mabulugama. Achemwali anayamba ndi kutsegula pakamwa, kenako anagwira pamimba, kenako anagwa chagada pamkeka. Ankaseka uku akulira.

"Mayo ine! Ndiye akanati 'amputation' ukanawadula mwendo?"

A Zakeyu anasuzumira pakhomo, kapu ili m'manja.

"Ndiye kuti zoyanjana zija sananene?"

"Ankangofunsa tanthauzo, bambo aang'ono."

Anaganiza pang'ono, anayang'ana mkulu wawo, n'kukhala pampando.

"Aaa, basi. Ndabwera kale. Mizere ija ndabweza kale. Sindikubwereranso."

Chovuta chinali kukauza amayi. Ndinapita pakhonde, ndinagwada.

"Amayi, ndinalakwitsa. Bambo sananene zowawotcha. Ankangochita masewera aja ankachita nafe popita kusukulu."

Anasiya mpeni m'beseni. Anandiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala panja pano pachabe?"

"Eya, amayi."

"Munthu akundidikira m'katimo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Unati sindingamvetse," anatero motsitsa mawu. Anadzuka, anakonza chitenje, n'kulowa. Anakhala pabedi, anatenga dzanja lakufa lija n'kuliika pamiyendo pawo. "A Ndau, ndabwera. Anandinamiza mwana wanuyu. Inunso, munthu wamkulu, kudwala konseku mukadali ndi sukulu?"

Bambo sanachotse maso pa iwo. Amayi anawamwetsa phala, ndipo anamaliza mbale yonse.

Masiku aja amayi anakhala pakhonde palibe angawabwezere. Ndinawadya ine, ndi Chingerezi changa. Zimenezi sindimaziseka.

Phala litatha, bambo ananditembenukira. Achemwali anandikankha.

"Khala pansi, bwana Noted. Ndi nthawi yako."

Ndinakhala pamphepete pa bedi. Milomo inalimbana, ndipo anabwerera poyambirira penipeni.

"Irri... gation."

"Kuthirira mbewu, bambo."

Dzanja lamanzere linanyamuka. Ulendo uno sindinaligwire. Ndinaweramitsa mutu. Zala zinafufuzafufuza patsaya, zozizira, zopepuka, mpaka zinapeza khutu. Zinapota. Mphamvu yake inali ngati ya khanda.

"Koma bambo, ndakhozatu!"

"Waiwala lamulo?" anatero achemwali. "Yankho lochedwa ndi lolakwa. Limeneli lachedwa mwezi wathunthu."

Bambo anatulutsa kaphokoso kenakake pakhosi, khi, khi, khi. Amayi anadzidzimuka poganiza kuti atsamwa. Kunali kuseka. Tinaseka tonse m'chipinda chobooka chija, ine khutu lili m'manja mwawo, misozi ikudonthera pabulangete. Sanalisiye msanga khutulo, ndipo ine sindinafune kuti alisiye.

Masiku otsalawo sindinapitenso kulikonse. Ndinkakhala pabedipo, iwo liwu, ine tanthauzo. Ena ndinkalakwa dala.

Anamwalira m'mawa wina kukuzizira, amayi atawagwira dzanja. Tinawaika m'bokosi, m'manda, monga anthu onse, ndipo pambali pawo tinasiya malo.

Maliro a mu July kwathu amavuta nkhuni. Anthu amagona panja masiku angapo, moto sufunika kuzima, ndiye pali zophikanso. Nthawi zambiri achinyamata amayenda mitunda kukasaka. Koma pa maliro a a Ndau, kuseri kwa khitchini kunali mulu wa bulugama wowazidwa bwino, wouma kale. Moto unali ponseponse. Azimayi ophika ankangotapa.

Pa mwambo wa kumanda, a Zakeyu anaimirira kulankhula m'malo mwa banja. Anathokoza a mpingo, anathokoza adzukulu okumba manda, anathokoza onse obwera kutali. Ine ndinali nditaweramitsa mutu, ndikulira zanga. Kenako ndinamva dzina langa.

"Pomaliza, tithokoze mwana wathu Levisoni. Mwaona nokha kuti maliro ano sitinavutike moto. Mwana ameneyu ndi woona patali. Nkhuni zonse mwaothazi anadula bambo ake akadali moyo!"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndipo kumbuyo, pakati pa azimayi, wina ananong'ona mokweza moti ngakhale abusa anamva:

"Ana a m'tauniwa, planning!"

Achemwali anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Anthu ankati akulira.

Ndiye anzanga, wodwala akakuuzani liwu limodzi, yambani mwakhala pansi; nkhwangwa siithawa.